Khungwa Limene Sindinakutumizire

Mkanda,
Mchinji.
21 Okutobala, 2007.

Okondedwa mlongo wanga Dyna,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli ndi moyo ku Sikotilandi kwanuko, ndiponso kuti chifuwa unkadandaula chija chinakusiya. Kuno dzuwa lafika pamene umalidziwa paja. Madambo auma, anyenje akulira m'mitengo ya mango ngati alembedwa ganyu, ndipo ana anga a Sitandade 7 akumayamba kusinza ikangokwana leveni koloko. Anthu akusosa m'minda, a fodya ali kalikiliki ku nazale.

Makalata ako atatu onse ndinalandira. M'makalata onsewo ukupempha chinthu chimodzi, makilogalamu awiri a khungwa la mtengo wa abambo, loumitsidwa pamthunzi, kuti umalize kafukufuku wako. Pa foni ndakhala ndikukuyankha izi ndi izi. Poyamba ndinati mvula ikulepheretsa kuyanika. Kenako ndinati a positi akufuna mapepala. Ulendo wachitatu ndinanamizira mayeso a ana. Lonselo linali bodza, mlongo wanga. Khungwa silibwera chifukwa mtengo unauma, ndipo amene anauumitsa ndine. Bodza lina ndi la alamu ako. Nthawi zonse ukafunsa za Esitele ndimati akupezako bwino. Sakupeza bwino. Nkhani ziwirizi ndi imodzi, ndipo ndalephera kuinena pa foni. Ukudziwa kuti kuno munthu akafuna kuti mawu amveke amakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, ndipo pachulu, ana akukuyang'ana, si malo oululira tchimo. N'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Undilole ndiyambire kutali, chifukwa masiku ano ndikumakhala kwambiri ndi abambo m'maganizo. Iwe unali wamng'ono pamene tinkachoka ku esiteti, mwina sukumbukira mmene anasangalalira atapatsidwa munda wawowawo atatha zaka khumi ndi zinayi ali tenanti. Anayenda malire onse a mundawo wapansi, kamunthu kafupi kaja kokhala ndi dzina la Goliati, ndipo atafika kumapeto, kufupi ndi dambo, anaima n'kuvula chipewa. Anapeza mtengo umene ankaudziwa kuchokera kwawo. Inzake yonse ya mtundu umenewo inali itapita kale m'moto woumitsira fodya, uwu wokha unatsala chifukwa unali wokhota, wosalowa bwino m'ngolo. Dzina lake la m'mabuku ukulidziwa ndiwe. Kuno mpaka lero anthu amangoti mtengo wa a Goliati.

Abambo sanali sing'anga, ndipo ankakwiya munthu akawatchula choncho. Ankangodziwa kuti khungwa la mtengo uja limathandiza m'mimba ndi pabala. Koma anali ndi lamulo lawo. Kasemasema asakhudze paliponse. Usende kum'mawa, kachigamba kofanana ndi chikhatho, ndipo ngati sikakwanira usendenso kumadzulo. Mabala awiriwo asakumane. Ukatha umate dothi la pachulu. Wodwala amwe kachidutswa konga chala, masiku atatu, basi. Ndikukumbukira tsiku limene iwe, uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, unawapanikiza ndi mafunso.

"Bambo, nanga mbali zinazi zinalakwa chiyani?"

"Sizinalakwe. N'zimene zimadyetsa mtengo."

"Mtengo umadya ndi mizu, aphunzitsi anatero."

"Aphunzitsi akowo akauze mtengowo. Iwe, munthu ukamulanda malaya, kabudula umamusiyira. Ukamulanda zonse ayenda bwanji pagulu?"

Unaseka mpaka kukhala pansi. Ine pambuyo pake ndinakapeza m'mabuku a ku koleji kuti ankanena zoona, kuti chakudya cha mtengo chimayenda m'khungwa kutsikira ku mizu, ndipo ukasenda kuzungulira thunthu lonse wadula njira. Phunziro limeneli ndaliphunzitsa chaka ndi chaka kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, chithunzi chake ndikhoza kuchijambula pabolodi nditatsinzina. Ndikunena izi kuti usadzandikhululukire poganiza kuti sindinkadziwa.

Utabwera mu Ogasiti 2005 kudzatenga khungwa loyamba lija, unachita monga mwana wa a Goliati. Unasenda kum'mawa ndi kumadzulo, ukukana kuti ndikuthandize, kenako unakanda dothi ndi manja ako a mu labu aja. Esitele ndiye anakutungira madzi, ataima chapatali manja ali m'chiuno, akukuseka kuti, "Alamu, ulendo wonsewu wa pa ndege kudzaumba zidole?" Tsiku lonyamuka anakusinjira chiponde chodzaza botolo, chimene unati anakulanda pa bwalo la ndege. Nthawi imeneyo anali ndi thupi lake lonse, wotha kusenza dengu la mtedza kuchokera kumunda osatula panjira.

Kalata yako ya mu Malichi 2006 ndiyo ndikufuna tikambirane. Ili pano patebulo, yafewa ngati nsanza chifukwa chopindapinda. Unali wosangalala, zinkaoneka ndi kalembedwe komwe, mizere ikukwera phiri. Unandifotokozera monga ungafotokozere mwana wa sukulu. Unati m'selo iliyonse ya thupi muli kaulusi kotchedwa DNA, kopotedwa pawiri ngati chingwe cha khonje, ndipo m'menemo ndi mmene mwalembedwa zonse zimene seloyo iyenera kuchita. Unati khansa ndi maselo amene aiwala kuleka kuswana. Kachingwe kaja ukadula mbali imodzi, selo imakalumikiza yokha n'kupitiriza moyo, koma ukadula mbali zonse ziwiri pamalo amodzi, seloyo imafa. Ndipo unati madzi amene unasungunula kuchokera m'khungwa la abambo, utawasakaniza ndi mkuwa pang'ono, anadula kachingwe kaja, ndipo maselo a khansa amene mumaweta m'timbale anafa ambiri. Unaikamo ndi chithunzi chakuda chokhala ndi timizere toyera. Kumanzere timizere tinali tolunjika bwino. Kumanja, kumene unathira mankhwala a abambo, tinali tofufutika ngati choko chimene mwana wapukuta ndi mkono wa malaya. Ndinachionetsa kwa aphunzitsi onse mu ofesi, ngakhale amene sanafunse.

Kumunsi kwa tsamba lachiwiri unalemba mizere itatu n'kuidula mzere kunsi kawiri. Ndiikopera pano kuti uone kuti ndinaiona: "Achimwene, awa si mankhwala ayi. Ndi mpeni wopanda maso, umadula maselo abwino ndi oipa omwe, ndipo sitinadziwe kuti m'khungwamo chikudula n'chiti, kapena mlingo wake. Chonde musapatse munthu aliyense."

Patapita milungu itatu tinali kumunda tikukumba mtedza. Esitele anakweza khasu, n'kulisiya kuti ligwe lokha, n'kukhala pamzere atagwira kukhwapa. Ndinamufunsa, anati palibe. Nditakakamira, anayang'ana uku ndi uku, n'kutenga dzanja langa kuliika pabere lake lamanzere. Munali chotupa cholimba ngati nthudza yaiwisi. Anati anachimva pa Khirisimasi koma sanafune kusokoneza nyumba.

Ku chipatala cha pa boma anatilandira bwino. Dokotala wake anali wachinyamata koma wosazungulira polankhula. Analemba kalata n'kunena kuti tipite ku Lilongwe sabata yomweyo, kuti mwina beralo liyenera kuchotsedwa, ndipo kuti nthawi ikadalipo koma si yambiri. Pobwerera tinakwera matola. Titatsika, ndikumukweza pa njinga, ndi pamene anati, "Bambo a Yankho, ine mpeni ayi. A Anasi anapita ndi miyendo yawo, anabwera atagona m'bokosi." A Anasi ukuwakumbukira, aja ankatsogolera nyimbo m'kwaya. Chimene ndinayenera kuyankha chinali pakamwa pomwe, chakuti a Anasi anapita mochedwa, bala litaphulika kale. Sindinanene. Nanenso ndinkaopa mpeni, mwina kuposa iye. Ndipo m'thumba la jekete munali kalata yako.

Masana a tsiku lotsatira ndinamukhazika pakhonde n'kumuwerengera. Ndinawerenga za kachingwe, za timbale, za maselo akufa. Ndinamuonetsa chithunzi. Nditafika pa mizere itatu ija ndinatsokomola, n'kutembenuza pepala, n'kupitiriza pa moni wako. Ndinati, "Tiyese miyezi iwiri yokha. Ikakanika tipita." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ngati alamu aona ndi maso awo, chabwino."

Pali chinthu china chimene ndikuchita nacho manyazi kuposa zonse, koma ndalonjeza kuti sindisiya kanthu. Unalemba kuti khungwalo limadula bwino pakakhala mkuwa. Ndinafunafuna mkuwa m'nyumba monse. Umene ndinaupeza unali padzanja la Esitele, chibangili chija ndinamugulira ku Chipata tili pa chibwenzi, tsiku limene tinadutsa malire pa Mwami wapansi ine nditabwereka nsapato za mnzanga. Ndinamuvula n'kuchiponya m'poto limodzi ndi khungwa. Iye anaseka mpaka misozi. "Aphunzitsi, mwayamba kuphika ndi mphatso zomwe? Mawa muphika diresi la ukwati." Inenso ndinaseka. Ndinkadziona ngati mnzako wa ntchito, Dyna, ngati kuti iwe uli ndi labu yako uko, ine ndili ndi yanga kuno kuseri kwa khitchini.

Ndinayamba ndi mlingo wa abambo, kachidutswa konga chala. Masiku atatu atatha chotupa chinali pomwepo, ndiye ndinati abambo ankachiza m'mimba, iyi ndi khansa, ifunika zambiri. Ndinafika pa kapu yodzaza m'mawa ndi ina madzulo, kapu yathu yachitsulo yobiriwira ija. Madzi ake anali ofiira modera, owawa moti fungo lokha linkakwinyitsa nkhope. Esitele ankatseka mphuno, kumwa osapumira, n'kundibwezera kapu akunena kuti, "Zikomo adokotala."

Mwezi woyamba ndinasunga lamulo. Kum'mawa, kumadzulo, dothi la pachulu. Koma khungwa silimera msanga monga mmene poto amathera. Ndinayamba kukulitsa mabala aja, chala chimodzi mbali iyi, chala chimodzi mbali iyo. Miyezi iwiri imene ndinalonjeza inatha, ndinawonjezera wachitatu. Mu Julaye ndinasenda kumpoto. Kumata dothi ndinali nditasiya, ndinkapita mothamanga sukulu isanayambe. Tsiku lina mu Ogasiti ndinapeza kuti kwatsala kachingwe kamodzi ka khungwa, mbali ya kumwera, kopingasa zala zitatu, kolumikiza kumwamba ndi kumunsi. Ndinaima pamenepo ndi kasemasema m'manja. Ndinkadziwa bwinobwino chimene kachingwe kameneko kankanyamula. Ndinaganiza za kapu ya mawa, n'kukasenda.

Nthawi yonseyo Esitele ankasanza. M'kamwa munatuluka zilonda, moti ngakhale phala ankamwa movutika. Zitenje zinayamba kumuzungulira kawiri. Ine ndinkati ndi chizindikiro chakuti mankhwala akumenyana ndi matenda. Chotupa chija chinakula kufika ngati dzira la nkhuku, kukhwapa kunatulukanso tina. Ndinkaziona zonsezi, ndipo ndinkapitabe kumtengo. Iwe ukaimba foni ndinkakwera pachulu n'kunena kuti alamu ako ali ndi malungo osamva mankhwala.

Chakumapeto kwa Sepitembala mtengo unachita maluwa amene sindinawaonepo chibadwire. Nthambi zonse zinali mbuu, njuchi zikumveka munthu usanafike n'kudambo komwe. Ndinathamangira kunyumba ngati mwana. Ndinati, "Mayi a Yankho, mtengo wa abambo wavomera! Ukanauona mmene wachitira!" Iye anali atagona pamphasa pamthunzi wa nyumba. Anadzuka pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Kandionetseni."

Ndinamukweza pa njinga n'kumakankha, chifukwa sakanatha kugwirira ndikupalasa. Titafika, ine maso anali kumwamba. Iye sanayang'ane maluwa n'komwe. Anatsika, n'kuyenda mogwirira mpaka pathunthu, n'kulizungulira dzanja lake likutsata pamene ndinasenda. Anazungulira mpaka kubwerera pamene anayambira, chala chake osakumana ndi khungwa paliponse.

"Bambo a Yankho, apa mwatani?"

"Limeranso."

"Inu aphunzitsi a zaulimi? Limera kuchokera kuti?"

Ndinayang'ana thunthu losendeka lija.

"Maluwa awa si ovomera ayi," anatero. "Mtengowu ukutsazika. Mango athu aja mbuzi zitawakungudza anachita chimodzimodzi, mwaiwala?"

Anakhala pansi pamuzu, akupuma movutika, n'kundiuza kuti ndikhale nanenso. Ndipo anati, "Kalata ya alamu ija ndinaiwerenga. Mu Meyi, ndikuchapa jekete lanu. Ndinawerenga ndi pamene munatsokomola paja."

Dyna, ndakhalapo pa maliro a abambo ndi a amayi, koma sindinamvepo mawu olasa mtima ngati amenewo. Ndinamufunsa kuti nanga ankamweranji, miyezi inayi yonse, akudziwa. Anati, "Mukamawiritsa munkaimba mluzu. Chiyambire pamene ndinakugwiritsani chotupa chija munali musanaimbepo. Ndinati ndikakana, bambowa atsala ndi chiyani?" Atapuma pang'ono anawonjezera kuti, "Komanso musadzitengere zonse, ngati kuti ine ndine mwana. Kapu ija inkandibisa kwa mpeni. Inu mumabisala mbali iyi, ine mbali inayo." Kenako anamenya thunthu lija ndi chikhatho, pang'onopang'ono, monga amachitira posisita mwana, n'kunena kuti, "Taphetsa mtengo wa apongozi. Mawa mundiperekeze ku Lilongwe."

Ku Lilongwe dokotala anatenga kalata ija ya ku boma n'kuyang'ana deti. Inalembedwa mu Epulo, ife tinafika mu Okutobala. Anayang'ana kalatayo, n'kuyang'ana ine, n'kufunsa kuti tinali kuti miyezi yonseyi, ndiponso ngati wodwala wamwako china chilichonse. Esitele ndiye anayankha kuti, "Tinali ndi mtedza kumunda, adokotala. Mukudziwa za kumudzi." Anandiphimba, mkazi amene ndinamumwetsa ululu kawiri pa tsiku. Sindinathe kupirira. Dokotala atatuluka ndinamutsatira pakhonde n'kumuuza zonse, ndi za chibangili zomwe. Sanandikalipire. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwachita bwino kunena, chifukwa magazi awo akusonyeza kuti chiwindi chatopa, ndipo ndimadabwa. Tiyenera kudikira kuti chipume tisanachite kanthu." Tinadikira milungu ina isanu.

Za opaleshoni ya mu Novembala ukuzidziwa, ndinakuuza, ngakhale ndinakuuza ngati kuti chotupacho tangochipeza kumene. Pa nthawi imene ankalandira mankhwala a m'diripi, namwino wina wokonda kucheza anandiuza kuti ena mwa mankhwala a khansa anachokera ku kaduwa kamene kamamera ngakhale pakhomo pa tchalitchi chathu, kofiirira kaja timangokaponda. Ndinamuyang'ana akukoka mankhwala m'kabotolo ndi jakisoni, ataukweza m'mwamba poyera, akuwerenga timizere, atafunsa kaye kulemera kwa wodwala. Kadontho kamodzi kakapitirira ankabweza. Ndinakumbukira kapu yanga yobiriwira. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa ntchito yako, mlongo wanga, zaka zonse zimene wakhala ukuzizidwa kunjako. Sunalakwe kanthu. Unaona zoona m'timbale tako, ndipo unandichenjeza momveka. Pakati pa mtengo wa abambo ndi kabotolo kaja pali ulendo wautali, ndipo ine ndinafuna kuudumpha ndi poto.

Tsopano ndikuuze zimene ndakhala ndikubisa chaka chino. Kuyambira Januwale mpaka Juni Esitele anali bwino ndithu. Anabwerera ku kwaya, analima kadimba ka mpiru, ankanena nthabwala kuti tsopano akuyenda mopendekera ngati ngolo ya tayala limodzi. Mu Julaye msana unayamba kuwawa. Mu Ogasiti chifuwa. Tinapitanso ku Lilongwe, anajambula, ndipo anatiuza kuti matenda afalikira m'mafupa ndi m'mapapo. Anatipatsa mankhwala oletsa ululu n'kunena kuti kunyumba n'kwabwino kuposa m'chipatala. Panopa sakutha kufika pa mjigo. Ndimamunyamula m'mawa kumuika pakhonde, madzulo kumubwezera m'nyumba, ndipo sabata iliyonse ndikumva m'mikono mwanga kuti wapepukirako. Namwino amene amatiyendera kuchokera pa chipatala chathu chaching'ono ndinamufunsa za Khirisimasi. Anayang'ana pansi n'kunena kuti Khirisimasi ili patali.

Mtengo uja mvula itagwa unatulutsa timasamba towerengeka, tachikasu. Koma nyemba zinabereka zosaneneka, mpaka nthambi kuwerama. Zinauma mu Juni, ndipo kuyambira pamenepo mtengo sunaphukenso. Waima mbee, ngati fupa. Ena anabwera kudzapempha nkhuni, ndinakana. Ine sindinkafuna ndi kudutsako komwe, koma Esitele anandituma ndi thumba kuti ndikatole nyemba zonse. Anakhala pamphasa n'kumaziswa monga amaswera mtedza, akusankha njere zonenepa, zofwapa akutaya. Anandiuza kuti ndikapemphe machubu a mbande otsala kwa a Dickson, aja a nazale ya mitengo, ndipo anadzaza yekha dothi, machubu asanu patsiku, mphamvu zikamulola. Anafesa makumi anayi. Zinamera makumi atatu ndi imodzi, mbuzi za aneba zinadya zinayi, ndipo tsiku limenelo ndinamva Esitele akutukwana koyamba m'zaka makumi awiri ndi ziwiri za ukwati wathu. Zatsala makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Zili m'mbali mwa khonde, pamene dzanja lake limafika atakhala. Amathirira yekha, ndi kapu yobiriwira ija. Ndinafuna kuitaya m'chimbudzi kapuyo, iye anakana, anati kapu sinalakwe.

Ndikudziwa kuti mbande sizikuthandiza pa digiri yako. Mtengo wotere umafuna zaka khumi kapena kuposa kuti munthu asendeko chikhatho chimodzi. Ndakuwonongera ntchito ya zaka zitatu, ndipo sindidziwa kuti ukawauza chiyani aphunzitsi ako. Ndafunsafunsa ngati mtundu umenewu ungapezeke kwina. Mkulu wina wa kwa mfumu Zulu, konkuno ku Mchinji, akuti anauonapo m'phiri, chakumalire, ali mnyamata. Ndidzapita kukaufuna, koma panopa sindingachoke pakhomo tsiku lathunthu.

Pali funso limene landidya chaka chonse, ndipo palibe wina amene angaliyankhe koma iwe, amene umadziwa zimene khungwa lija limachita mkati mwa selo. Tikanapita mu Epulo, sabata imene anatiuza ija, kodi bwenzi Esitele ali ku dimba lero? Nanga zimene ndinamumwetsa zija, zinadula zingati zabwino m'thupi mwake? Undiuze monga wasayansi, osati monga mlongo wanga.

Pempho langa ndi limodzi. Bwera. Usadikire tchuthi cha Disembala. Bwera mvula isanayambe, msewu wa ku Mkanda usanasanduke phala. Usavutike ndi mphatso, ndipo ngati uli ndi mkwiyo ubwere nawo, udzandikalipire pamaso, ndidzaimirira n'kumvetsera.

Ndinalekeza apa dzulo. Lero m'mawa, nditamukhazika pakhonde, ndamuwerengera Esitele kalata yonseyi kuyambira pa deti. Nditafika pa chibangili waseka mpaka kutsokomola. Wachivalanso, ukachiona udzachizindikira ngakhale chinada ndi poto, koma tsopano chimatsetsereka mpaka pachigongono. Nditafika pa funso langa lija wandiimitsa. Wati ndilifufute. Ndakana, ndati ndinalumphapo kale mizere kamodzi, sindidzachitanso, kaya powerenga kaya polemba. Ndiye wati ndilembe mawu akewa monga akuwanenera, ndipo ndikulemba iye akuyang'ana cholembera:

"Alamu, funso la achimwene anulo musayankhe. Mukati inde muwapha, mukati ayi sakhulupirira. Musiyeni Mulungu asunge yankho, ali ndi malo ambiri osungira. Ntchito yanu musaisiye chifukwa cha ife. Pitirizani kufufuza mpaka mpeni wanuwo udzamere maso, kuti mkazi wina asadzaope monga ndinaopera ine. Njere zatsala zodzaza chitini. Achimwene anu amafuna aike zina mu envulopu, ine ndakana. Mukazifuna mudzatenge nokha m'manja mwanga. Chiponde sinditha kusinja tsopano, koma ndidzakhala pambali n'kumawalangiza aphunzitsiwa, muone mmene adzachiwonongere."

Akupereka moni a Dickson ndi akunyumba kwawo. Amayi a kwaya, amene amabwera Lachinayi lililonse kudzaimba pakhonde pano, akuti ndikuuze kuti amakutchula m'mapemphero. Yankho wabwerako ku sukulu ya unamwino kudzakhala nafe, akuti azakhali abwere ndi juzi yochepa chifukwa kuno kukutentha. Iyenso ndamuuza zonse sabata yatha. Sanandiyankhule masiku awiri, lachitatu anandibweretsera madzi osamba.

Kwa zaka zonse zimene ndakhala ndikukulembera, mzere womaliza umakhala umodzimodzi, wakuti alamu ako akupereka moni, ndipo nthawi zambiri ndinkaulemba osawafunsa n'komwe. Lero ndawafunsa. Ati inde, akupereka moni, ndipo akuti akudikira, koma usachedwe.

Ndine mlongo wako,
Vitus